Tsiku limene ndinafunditsa makompyuta awiri chitenje

Dalitso, ndi iwe Mphatso, bwerani kuno. Dzulo ndinakupezani kuseri kwa nyumba mutatenga chinthu chakuda chija cha m'sutikesi mwanga, mwachiimika pakhomo pa khola la mbira kuti chikhale chitseko. Ndinakalipa mpaka Mphatso analira. Amayi anu atamva anandifunsa kuti, "Amayi, mwapsa mtima chotere pa chinthu choti chinafa kalekale?" Ine pakamwa mawu amandithamangitsana, oyamba asanatuluke achitatu afika kale, ndiye ndapempha kope ili kuti ndilembe pang'onopang'ono. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, musaseke zilembo zanga zopendekeka. Iwe Dalitso uwerenge mokweza amayi ako ali pomwepo, poti makina awo olankhula aja sawerenga zolemba pamanja. Kumapeto kuli kanthu kamene iwonso sakukadziwa mpaka lero.

Chinthu munachisandutsa chitseko chija ndi laputopu yoyamba ya amayi anu. Koma kwa ine ndi ng'ombe. Inali ndi dzina, Bantomu, yofiira, ya nyanga imodzi yopindikira pansi.

M'kopemu ndiziti Tiyamike, poti nthawi imeneyo amayi anuwa anali mwana, ndipo kunena zoona inenso ndinali mwana. Ndinamubereka ndili kamtsikana. Agogo anu aamuna anapita kumpoto kukacheka matabwa Tiyamike akukwawa, n'kukakwatira komweko. Kwathu kuno mukudziwa, mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi mlongo wa mayi. Ndiye mawu omaliza pa Tiyamike anali a achimwene anga a Gelevazio, amene inu mumawati agogo a njinga. Anandilera ndi iwo makolo athu atamwalira, ndipo chibadwire ndinali ndisanawatsutsepo, ngakhale pa nkhani ya mchere.

Za maso ake ndinayamba kuona ndine, palibe anandiuza. Ankasankha nyemba pa lichero nkhope itayang'ana kumwamba, zala zokha zikugwira ntchito. Tsiku lina m'mawa wa nkhungu tikutsikira kudimba, anagwada n'kupereka moni kwa chitsa cha paini. Anzake anaseka, nayenso anaseka. Ine ndinapita naye kuchipatala. Kuchipatala chachikulu anatiuza kuti chikufa ndi cham'kati mwa diso, magalasi sangathandize, mankhwala palibe, kuzingoderabe pang'onopang'ono. Anakhozabe mayeso a sitandade eyiti mphuno ili pa pepala, n'kusankhidwira kusekondale yogonera komweko. Fomu wanu anadutsa anzake akumuwerengera. Pofika kumapeto kwa fomu thuu bolodi sankaliona, kope sankaliona, ine ankandizindikira ndikatsokomola.

Inu ana a lero kulemba mumakuona ngati kupuma. Mphatso amangotsetsereza chala pa foni, zilembo n'kubwera zokha. Ife tinayambira pansi, pa fumbi, ndi chala chomwechi, aphunzitsi akuzungulira ndi kashamu. Mphepo ikabwera masamu onse apita. Kope loyamba ndinalidula pakati ndi mpeni kuti akhale awiri. Koma ngakhale pa fumbi, tinkaona chimene talemba. Tiyamike ankalemba mzere pamwamba pa mzere wina, osadziwa.

Kunali aphunzitsi ena, a Mbewe, oyendera ana osaona m'masukulu pa njinga yamoto. Kusukulu ya Tiyamike anali ndi kachipinda, m'menemo muli kompyuta yaikulu yakale yolankhula. Lachisanu lililonse ankamuphunzitsa mabatani ake, materemu awiri athunthu. Zilembo za timadontho zowerenga ndi zala anayesanso, koma anaziyamba mochedwa, komanso aphunzitsi a m'kalasi sankatha kuziwerenga. Kompyuta yaikuluyo inali ya ana ambiri, ndipo sukanaisenza kupita nayo m'kalasi. Potseka sukulu ahedi anandiitana. Sanalankhule mwaukali, ayi. Anati, "Mayi, fomu fili ndi ya manotsi ambiri, anzake sangathenso kumunyamula. Akabwera ndi makina akeake, azilemba yekha manotsi ndi mayeso, ife tizisindikiza n'kuchonga, malo ake alipo. Akapanda kutero, tidzangokhala tikumunamiza."

Ndinabwerera kumudzi. Chimene ndinkaopa sichinali kukhala pakhomo chabe. Kunali bambo wina, sindimutchula poti adzukulu ake mumasewera nawo, wa akazi awiri kale. Anayamba kudutsira pakhomo pathu popita kumunda, chonsecho munda wake unali mbali ina. Ankaima pa mpanda n'kumati, "Mwana wotereyu amafunika munthu womusunga." Ndinaona azakhali ena akugwedeza mutu movomereza. Ndinaona, poti ine ntchito yanga inali kuona. Tiyamike akapita kumjigo ndinkasiya chilichonse n'kumulondola chapatali.

Mbumba itakhala pansi, achimwene anamvetsera onse, kenaka anati, "Bantomu apite." Ngolo imakokedwa ndi ng'ombe ziwiri, ana inu. Ukagulitsa imodzi, wagulitsa ngolo yomwe, ndipo ngolo imeneyo ndi imene inkatulutsa mbatata ya kachewere ya banja lonse kupita kumsewu. Anawonjezera kuti, "Koma ndi kamodzi kokha. Ng'ombe ina yogulitsa kulibe. Tikaphonya, taphonya."

Apa ndi pamene ndinadziwira kuti makompyuta ali mitundu iwiri yosamwerana madzi. Ine ndinkayesa kompyuta ndi kompyuta basi, monga khasu. A Mbewe anabwera kudzalangiza, tinakhala pakhonde masana a chisanu chija choti dzuwa limawala koma osatentha. Ine ndinakhala pansi chapambali, Tiyamike pafupi nane.

Achimwene anakhalako ku Joni, ankagwira ntchito m'nyumba mwa mzungu wina wojambula zithunzi. Anayamba ndi iwo.

"Tigula ya chizindikiro cha chipatso cholumidwa. Bwana wanga anali nayo. Ndinaipukuta fumbi zaka zisanu, sinadwalepo ndi tsiku limodzi. Mavairasi amene amapha zinazi, iyo saigwira wamba. Batire lake limachedwa kutha, kuno kopanda magetsi n'kofunika zimenezo. Ndiponso imabadwa ikulankhula yokha, osachita kuithira mawu."

A Mbewe anati, "Zonse mwanenazo ndinamvaponso, bambo, ndipo sindikutsutsa. Koma ineyo sindinaigwirepo. Imene ndimadziwa, imene Tiyamike waphunzirirapo, ndi ya chizindikiro cha zenera. Mawu timachita kuthiramo, inde, koma ndili nawo, ndi aulere. Makompyuta a kusukulu ndi a mtundu womwewo. Chingwe chake chikaduka mumakachipeza paboma, ikadwala amisiri a pompano amaitsegula."

"Ndiye mukuvomera kuti imadwala."

"Imadwala. Monga njinga yanuyo."

"Njinga yanga muisiye. Ng'ombe ndikugulitsayi ndi yamoyo, aphunzitsi. Sindingasinthanitse ndi chinthu chodwaladwala chifukwa choti sing'anga wake ali pafupi."

"Nanga chosadwalacho tsiku chidzadwale, sing'anga wake ali kuti?"

Achimwene anaseka, koma ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda. Anati, "Zikomo potilangiza. Kotsalako ndi kwa banja." Ndiye kuti a Mbewe sapita nawo kogula.

Ndinawaperekeza mpaka pa njinga yawo. Atayang'ana kumbuyo anatulutsa kanthu kochepa ngati chala, kafulashi, n'kundifumbatitsa. Anati, "Mayi, mawu aja ali m'menemu. Ine ndi mwini mbumba sindingalimbane nawo, mwinanso akunena zoona. Koma kogulako mukapemphe alowetse aka m'kompyuta ya zenera, mwanayo akayese zonse ziwiri. Musakasankhe inu, asakasankhe iwo." Ndinakamanga pa mfundo ya chitenje. Masiku anayi otsatira ndinkalima nako, kutunga nako madzi, kumangokagwiragwira ngati chithumwa.

Pano ndipatuke pang'ono, musandiyang'ane choncho Mphatso, ndibwereranso. Amayi anga, agogo a amayi anu, ankaumba mbiya. Inu madzi mumamwera m'zigubu zapulasitiki, simudziwa kuzizira kwa madzi a mumtsuko. Tsiku la msika pa Mayani ankandisenzetsa miphika iwiri pa nkhata, iwo inayi. Ogula osadziwa ankathamangira yosalala, yopakidwa bwino. Amayi ankandinong'oneza kuti, "Taona uyo, akugula ndi maso." Wodziwa ankatsinzina, n'kugogoda ndi chala. Mphika wabwino umalira kuti ngwee, wa mng'alu wobisika umati phwo. Koma amayi ankati kugogoda ndi theka chabe. Theka linalo ankafunsa wogula kuti, "Mafuwa anu ndi otalikirana bwanji?" Mphika ungalire bwino chotani, ngati sukhala pa mafuwa a kwanu, nyemba zidzathera m'phulusa. Ndinkaziona ngati zocheza za amayi. Sindinkadziwa kuti ndidzazifuna ku Lilongwe.

Tinanyamuka nkhungu isanachoke, pa matola mpaka pa Linthipe, kenaka minibasi. Achimwene anavala jekete lawo la ku Joni atamanga mabatani onse, ndalama za Bantomu zili m'thumba lam'kati. Ine ndinavala zitenje ziwiri chifukwa cha chisanu. Njira yonse ine maso anali pa thumba lija ndi pa aliyense woyandikira. M'tauni Tiyamike anagwira phewa langa, ndipo podutsa msewu ndinkamva zala zake zikundilowa m'mnofu. Inenso ndinkaopa magalimoto, koma ndinkayenda ngati wodziwa kuti iye asamve.

Sitolo yake inali yopapatiza, kuchoka pakhomo kufika pa tebulo mapazi asanu basi. Munali makompyuta ogwirapo kale ntchito kunja, kaunjika wa makompyuta tinene. Wogulitsa anali mayi wa magalasi, wa msinkhu wanga ndithu, zikhadabo zopenta. Achimwene atafotokoza anatulutsa ziwiri n'kuziika pa tebulo, mitengo yake yosasiyana kwenikweni poti ya chipatsoyo inali yakalepo. Koma kukongola kwake! Yopyapyala, yoyera ngati ndalama yatsopano, chipatso chili kumsana chikuwala. Ine ndinayesa pichesi. Inayo ndi imene mukuidziwa, yakuda, yonenepa, pakona pena poswekapo.

Dzanja langa linapita lokha. Ndinatsinzina, n'kugogoda yoyerayo, go go go.

"Mayi! Si dzungu limenelo!" anakuwa wogulitsa.

"Esinati, ukutichititsa manyazi," anatero achimwene.

Ndinabweza dzanja. Sekani, nanenso lero ndimaseka.

Mayi uja anadina mabatani awiri pa ya chipatso, ndipo inalankhula. Mawu a mzimayi wachizungu, osalala ngati a pa wailesi. Ndinaona nkhope ya Tiyamike ikumasuka, anapendeketsa mutu ngati akumvera nyimbo ya kutchalitchi. Achimwene anandiyang'ana n'kukweza zikope.

Ndinamasula mfundo ya chitenje. "Pepani mayi, aphunzitsi anati mulowetse aka mu inayo."

"Kalibe matenda kameneka? Mukandiphera katundu mulipira."

"Iwe, wakatenga kuti?" anafunsa achimwene.

"Anandipatsa a Mbewe, achimwene."

Kungondiyang'ana kokhako kunandikwanira. Wogulitsa anakalowetsa, anadinadina, ndipo yakudayo inalankhulanso. Ana inu, mawu ake! Ngati munthu watsina mphuno n'kulowetsa mutu m'chitini. Achimwene anaseka mpaka anagwira tebulo.

"Achule a kudambo! Ng'ombe yanga ndigulire achule? Tiyamike, wadzimvera wekha. Ukufuna iti?"

"Ya chipatso, atsibweni. Ikulankhula bwino."

Anayankha msanga, mwaulemu, akumwetulira. Koma ine sindinkayang'ana pakamwa. Ndinkayang'ana dzanja. Amayi anuwa chiyambire ali kamwana, akamanena chimene sichili mumtima, amakanda chala chachikulu ndi chikhadabo cha chala chinzake. Iwenso Dalitso umatero, n'chifukwa chake za shuga uja ndinadziwa. Tsikulo ankakanda mpaka khungu linatuwa. Ankadziwa kuti ngolo yaima chifukwa cha iye. Akanawauza bwanji atsibweni ake kuti chimene akumufunira ndi mtima wonse iye akuchiopa?

Achimwene anayamba kumasula mabatani a jekete. Loyamba. Lachiwiri. M'maganizo ndinaona bambo uja ataima pa mpanda. Ndinaona Tiyamike atakhala m'kalasi ndi chinthu chokongola cholankhula bwino, iye osadziwa pogwira, a Mbewe nawonso osadziwa, mpaka ahedi adzandiitanenso. Ndiye ndinachita ndi manja. Ndinavula chitenje chapamwamba n'kufunditsa magalasi a makompyuta onse awiri, kusiya mabatani okha poyera.

"Ukutani?"

"Achimwene, pepani. Tonse muno tikusankha ndi maso, mwiniwake alibe. Ayese kaye monga mmene azikachitira kusukulu. Atsegule polemba, alembe, asunge, atseke, akapezenso chimene walemba. Akatha, mugule imene mukufuna, sindilankhulanso."

Wogulitsa anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakoka mpando n'kumukhazika Tiyamike patsogolo pa ya chipatso.

Zala zake zinapeza zilembo, poti zilembo zimakhala pamodzimodzi. Koma polowera sanapapeze. Akadina mabatani amene a Mbewe anamuphunzitsa, mzimayi wa mawu osalala uja ankanena zina. Akadinanso, zinanso. Ankalankhula mokoma, mosatopa, ngati mlendo waulemu amene akukulondolera njira ya mudzi wina. Thukuta linayamba kutsika pa mphuno ya Tiyamike, kunja kukuzizira.

"Anti, ndidine pati kuti ndifike polemba?"

Mayi uja anatambasula dzanja kuti avundukule chitenje. Ndinagwira nsonga yake. "Kusukulu kulibe womuvundukulira."

Anabweza dzanja. Anati, "Ndinene zoona, mayi. Ine ndimadziwa kuiyatsa mawu basi. Ndimamva kuti kunja osaona ambiri amaikonda, ndipo munthu akaphunzitsidwa imamutumikira bwino zedi. Koma womuphunzitsa kuno ine sindikumudziwa."

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndimavomera mpaka lero. Ndinatembenuka n'kunena kuti, "Achimwene, tamuthandizeni, inu mumaidziwa." Mulungu akudziwa, sindinkanyoza. Ndinkayembekezadi kuti zaka zisanu zija anaonapo kanthu. Koma iwo ankadziwa kunja kwake kokha, kumene kumakhala fumbi. Makutu awo anachita ngati akutentha. Munthu wamkulu, mwini mbumba, pamaso pa mayi wachilendo wa zikhadabo zopenta.

Wogulitsa anasuntha mpando mwakachetechete kupita pa yakuda ija. Tiyamike anapukuta manja pa siketi, anagwira mabatani, ndipo zala zinayamba kuthamanga monga zinkachitira pa lichero la nyemba. Wa m'chitini uja akangoyamba mawu, iye wamudula kale, wapita pena. Analemba, anasunga, anatseka. Anadikira pang'ono. Anatsegulanso n'kudina kuti iwerenge. Makina amenewo Chichewa amachipotoza ngati mzungu wongofika kumene, koma tonse tinamva:

"Atsibweni pepani. Iyi ndi imene ndikuidziwa. Musandikwiyire."

Tiyamike anaweramitsa mutu. Chala chinali chitaleka kukanda.

Achimwene anamanganso mabatani a jekete. Lachiwiri. Loyamba. Anati, "Ndiye munapangana ndi aphunzitsi anu kuti mudzandivule pamaso pa anthu. Tiyeni kwathu. Ndikaombola ng'ombe yanga."

Kenaka m'sitolomo munakhala chete, chete wamtali, woti ndinkamva wotchi ya pa mkono wa wogulitsa. Zimene zinachitika m'chete ameneyo ndinena kumapeto. Pano dziwani kuti atatha, achimwene analankhula ndi mawu okhakhala kuti, "Kulungani ya achuleyo."

Musayese kuti zinathera pomwepo n'kuseka. Pobwerera anakhala mpando wakutsogolo, ife kumbuyo, laputopu nditaibereka kumimba ngati khanda. Kuyambira tsiku limenelo achimwene sanadyenso pakhomo panga. Ngolo inaima pansi pa mpichesi mpaka matayala anaphwa, nkhuku zinaikiramo mazira. Kachewere tinkasenza pamutu kukafika kumsewu, matumba onyowa, ndipo akazi a achimwene akandidutsa ndi katundu wawo ankangoti, "Achule ali bwanji?" Ndinkayankha kuti ali bwino. Ndinkagona ndi mantha, ndinkadzuka ndi mantha, poti ikanafa teremu yoyamba mlandu wonse unali wanga.

Ndipo inadwaladi, achimwene sananame. Teremu yachiwiri inagwidwa ndi mavairasi kuchokera m'fulashi ya mnzake, inangoti duu osalankhula. A Mbewe anakhala nayo Loweruka lonse mpaka inatsokomola n'kuyambiranso. Batire lake linali laulesi, pa holide tinkapita nayo pa Mayani kukatchajitsa kwa ometa tsitsi tsiku ndi tsiku. Tiyamike ali fomu folo, kutatsala masabata atatu kuti alembe mayeso oyeserera, mbewa inadya chingwe. Ndinathamanga kwa achimwene ndikulira, ndinaiwala zoti sitikulankhulana bwino. Anatenga chingwe chodukacho, anakwera njinga mpaka paboma, dzuwa lisanalowe anali atabwera ndi china. Anachiponya pa mphasa n'kunena kuti, "Pa mulu wa zingwe zakale, ngati tomato. Chinthu chotchipa sichisowa abale." Kumeneko kunali kupepesana kwathu. Tsiku limenelo anadya.

Tiyamike analemba mayeso ake yekha, mahedifoni ali m'makutu, woyang'anira atakhala pambali. Bambo wa pa mpanda uja anakumbukira kuti munda wake uli mbali ina. Zotsatira mukuzidziwa, poti nyumba ya malata imene mumakhalamo ku tauni sinagwe kumwamba.

Chondiseketsa n'chakuti lero amayi anu kuntchito kwawo ali ndi ya chipatso. Anakaiphunzira kukoleji, kwa mnzawo wosaona amene ankaidziwa, ndipo amati ndi yabwino kwabasi, sangaisiye. Agogo a njinga akabwera amaisisita kumsana n'kumati, "Ndinanena ine." Ine ndimavomera kuti ananenadi. Mphika unali wabwino. Mafuwa athu a nthawi imeneyo ndi amene sanali ake.

Tsopano Dalitso, werenga pang'onopang'ono apa. Tiyamike mwana wanga, kangapo konse wandifunsa kuti m'sitolo muja munachitika chiyani pamene tonse tinakhala chete. Iwe unangomva nsapato za atsibweni ako zikuyenda, ukuyesa akutuluka kutisiya. Ndinkakuyankha kuti ankangoganiza. Sindinkafuna kuwavula kachiwiri. Koma akalamba tsopano, ndipo mwezi wathawu ndinawapempha, anati, "Umuuze, ine sindingathe."

Atanena kuti tiyeni kwathu, ine ndinagwada pa simenti. Ndinavula duku langa n'kuliika pa nsapato zawo, mutu wanga uli pamtunda pamaso pa mlendo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayesa alipondereza n'kudutsa. Koma anawerama, analitola, analipinda, n'kudzimanga nalo m'maso. Khomo linali mapazi asanu, khomo lomwe analowera ndi maso awo. Anatambasula dzanja. Phazi loyamba. Lachiwiri. Lachitatu anakhudza shelefu, osati khomo. Anapapasa kumanzere, anapeza khoma. Anaima pomwepo, munthu uja anayenda mpaka ku Joni n'kubwerako, dzanja lili m'malere, osadziwa kolowera m'kachipinda kochepa ngati nkhokwe. Wogulitsa anagwira pakamwa. Iwe unali pa mpando, msana utawalozetsa, ukudikira.

Atamasula duku lija anandibwezera osandiyang'ana. Linali lonyowa.

Duku limenelo ndi lomwe linakulunga laputopu m'sutikesi, lomwe inu awiri munalitaya pa fumbi dzulo pothamangira mbira zanu. Ndalichapa, lili pa chingwe. Likauma mukulungemo nokha chinthu chija, mubwezere pamene munachitenga, khola mulipezere thabwa.

Basi Dalitso, tseka kope. Afunse amayi ako ngati ali bwino. Akati ali bwino, usayang'ane pakamwa, uyang'ane chala.